Tsabola wa m'botolo: tiikemo chiyani, tisiye chiyani?

Inu amene muli pambaula kuvundula nsima, inu amene muli m'minibasi poweruka, ndi inu alonda amene mwangofika kumene pantchito wailesi ili m'thumba, takulandirani. Nkhani yathu lero ndi ya kukhitchini, ndipo tikuitenga ku Kauma mumzinda wa Lilongwe. Tikamba za tsabola wopanga tokha pakhomo, uja wosinja mumtondo n'kuthira m'botolo, komanso za mkangano umene sutha pakati pa omupanga: n'chiyani choyenera kulowamo, nanga n'chiyani choyenera kutsala kunja?

Kauma ndi dera lodzaza ndi anthu, ndipo lili pafupi ndi madera a anthu opeza bwino monga Area 12 ndi Area 43. Ambiri a ku Kauma amalawirira m'mamawa kukagwira ntchito m'nyumba za kumeneko: ena ndi makhukhi, ena olera ana, ena osamalira maluwa, ena alonda. Khukhi amene waphikapo kwa amwenye amabwerera kwawo atazolowera jinja ndi adyo. Amene waphikapo kwa azungu amabwera ndi viniga ndi shuga. Onjezanipo kuti anthu a ku Kauma ndi ochokera m'maboma osiyanasiyana, wina ku Mulanje, wina ku Ntcheu, wina ku Nkhotakota, wina ku Mzimba, aliyense ndi kapangidwe kamene anaonera kwa amayi ake. N'chifukwa chake pamdadada umodzi wa nyumba za lendi mumapeza mabotolo a tsabola osafanana ngakhale pang'ono, ndipo mwini botolo aliyense amalumbira kuti weniweni ndi wake.

Kaimeni pachiwaya madzulo. Tchipisi chili m'mafuta, kanyenya ali pambali, ndipo pakona pali botolo la pulasitiki limene chivindikiro chake anachiboola ndi msomali. Kasitomala amalitenga, amaligwedeza, amafinyira patchipisi, n'kulawa. Kenako mumamva: "Achimwene, lero mwatipatsa supu wa matimati. Tsabola ali kuti?" Mnyamata wa chiwaya amayankha uku akutembenuza tchipisi: "Bwana, kambuzi wakwera kumsika. Komanso ndikaika wowawa kwambiri, azimayi ndi ana amadandaula." Mayi wachikulire wogulitsa masamba chapafupi amalowererapo: "Mwanangu, matimati m'botolo ayi. Ndi dzuwa la Okutobala limeneli, pofika mawa achita thovu. Finyiramo mandimu." Wakabaza amene akudikira chake amati iye tsabola wopanda adyo samuwerengera. Basi mkangano wabuka.

Wina anganene kuti nkhani ya tsabola ndi yochepa, yosayenera kutayira nthawi ya wailesi. Ine ndikuti ndi yaikulu. M'nyumba zambiri ndiwo zimakhala zomwezomwezo: bonya, nyemba, nyama ya soya, mpiru. Pamene mafuta achepa mumphika, chimene chimatsetseretsa nsima ndi kasupuni ka tsabola. Botolo limodzi limadyetsa banja lonse kwa masiku, ndipo lapachiwaya limadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri tsiku lililonse. Zimene zili m'botolomo zimakhudza pakamwa, zimakhudza m'thumba, zimakhudzanso moyo.

Tiyambe ndi amene amati, "Makolo athu sankapanga chonchi." Omvera, tsabola yense amene timadya kwawo ndi ku America, kuyambira ku Mexico kutsikira kumwera. Anawoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Christopher Columbus wa mu 1492, ndipo amalonda achipwitikizi ndiwo anamufalitsa m'magombe a Africa ndi India. Apwitikizi omwewo anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1530. Atafika kuno, mbalame zinapitiriza ntchito: izo sizimva kuwawa kwa tsabola, zimamudya n'kukataya njere kutali, ndiye chifukwa chake piripiri amamera yekha m'mphepete mwa mpanda popanda womudzala. Matimati nawonso kwawo ndi ku America komweko, chimodzimodzi chimanga chimene lero timachitcha chathu. Adyo ndi anyezi ndi ochokera ku Asia. Makolo athu analandira zonsezi, naziyesa, nasunga zimene zinawakomera. Palibe kapangidwe kamodzi kamene anatisiyira kuti tonse tizitsata, ndipo khukhi wa ku Kauma amene akuyesa viniga akuchita zomwe iwo ankachita.

Kukangana kotere si kwa ife tokha. Ku Texas, m'dziko la United States, kuli ndiwo ya nyama yophika ndi tsabola imene amaitcha chili con carne. Mu 1977 aphungu a kumeneko anaivomereza kukhala chakudya choimira chigawo chawo, koma mpaka lero anthu amatsutsana ngati nyemba zili zoyenera kulowa mumphikawo. Kwa anansi athu ku Mozambique, piripiri amayenda ndi mandimu, adyo ndi mafuta. Ku Louisiana, Tabasco amene Edmund McIlhenny anayamba kupanga mu 1868 ali ndi zinthu zitatu zokha: tsabola, mchere ndi viniga. Amayenda dziko lonse lapansi osaonongeka m'njira, ndipo chinsinsi chake ndi zitatu zomwezo.

Maganizo anga ndi awa. Tisanafunse kuti tiikemo chiyani, tiyambe tafunsa kuti tsabolayu adyedwa liti. Pali tsabola wa lero, ndipo pali tsabola wosunga. Ambiri amene amakangana amasakaniza awiriwa, choncho aliyense amakhala akunena zoona za tsabola wake n'kumalakwitsa za wa mnzake.

Tsabola wa lero alibe malamulo. Duladulani matimati akupsa, anyezi ndi kambuzi, wazanipo mchere, finyiranipo ndimu, idyani ndi kanyenya kapena usipa wootcha. Mukafuna kazingani zonse pamodzi m'mafuta pang'ono. Ikanimo adyo, ikanimo jinja, ikanimo mango osapsa. Bola athe ndi chakudya cha tsiku lomwelo.

Tsabola wosunga ndi nkhani ina. Nyumba zambiri za ku Kauma, ku Mgona, ku Chinsapo kapena ku Area 23 zilibe firiji, ndipo kumene ilipo magetsi amathimathima. Botolo limakhala pawindo kapena pamwamba pa kabati, m'nyumba ya malata yotentha. Botolo lotere lili ngati nkhokwe: chimanga chachinyezi sichilowa m'nkhokwe, ngakhale chikhale chokoma bwanji pootcha. Tiyeni tsono tione zolowamo chimodzichimodzi.

Choyamba ndi tsabola mwini wake. Tili ndi awiri odziwika. Kambuzi ndi wamng'ono, wobulungira, wa mtundu wa lalanje akapsa. Ndi wa banja limodzi ndi habanero wa ku Mexico ndi Scotch bonnet wa ku Jamaica, limene akatswiri a zomera amalitcha Capsicum chinense. Chuma cha kambuzi ndi fungo. Mukamuphwanya pakhonde, wodutsa panjira amadziwa. Piripiri ndi woonda, wofiira, wowawa molunjika, ndipo amauma bwino padzuwa. Pa muyeso wa kuwawa umene Wilbur Scoville anakonza mu 1912, tsabola wamkulu wobiriwira uja wothira mu nyama ali pa 0, pamene piripiri amayambira pa 50,000 kupita m'mwamba. Chimene chimawawa ndi mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, ndipo ambiri amaganiza kuti amakhala m'njere. Ayi, malo ake enieni ndi kamnofu koyera ka m'kati kamene njere zimamatirirako. Apa ndi pamene pali yankho la mnyamata wa chiwaya. Ngati makasitomala akudandaula kuwawa, ng'ambani kambuzi, palani kamnofu koyerako ndi kasupuni, ndipo mutsala ndi fungo lonse koma moto wochepa. Imeneyo ndiyo njira yochepetsera ukali, osati kumiza tsabola m'matimati.

Chachiwiri ndi mchere. Pa uwu palibe amene amatsutsa. Umatulutsa madzi mu tsabola, umafooketsa tizilombo toonongetsa chakudya, komanso ukakhala mumtondo umagwira tsabola kuti asamadumphe pomusinja.

Chachitatu, ndipo apa ndikupempha mutchere khutu, ndi chowawasa: viniga kapena madzi a mandimu. Anthu ambiri amaona ngati ichi n'chongokometsera. Kunena zoona, ichi ndicho chimateteza botolo. M'dothi muli kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene kamatha kubwera ndi masamba, adyo kapena tsabola. Pamene pali mpweya sikavuta. Koma kakatsekeredwa m'botolo mopanda mpweya, monyowa, mofunda ndi mosawawasa, kamatulutsa poizoni woopsa kwambiri, ndipo nthawi zina chakudyacho sichisintha fungo kapena maonekedwe. Wodya amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope zimalemera, kumeza kumavuta, kenako kupuma. Mu 1977, mumzinda wa Pontiac ku Michigan, anthu 59 anadwala matenda amenewa atadya sosi wopangidwa ndi tsabola amene anasungidwa m'mabotolo mosatsata njira. Akatswiri a zakudya anapeza malire ake: pa muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, chakudya chikakhala pansi pa 4.6 kachilomboka sikakula. Tsabola payekha safika pamenepo. Viniga wa m'golosale amamufikitsa, bola akhale wokwanira kumiza tsabola yense. Mayi wogulitsa masamba uja amene anati finyiramo mandimu ananena zimene asayansi amanena. Ndipo wina akaona zizindikiro ndatchulazi, athamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Chachinayi ndi mafuta ophikira, amene amagawanitsa anthu kwambiri. Ubwino wake ndi woti capsaicin amasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. N'chifukwa chake tsabola wamafuta amafalikira bwino mu ndiwo, n'chifukwa chakenso mukapsa pakamwa madzi sathandiza koma mkaka. Vuto ndi chikhulupiriro chakuti mafuta amasunga chakudya. Mafuta amangotseka mpweya, ndipo tamva kale amene amakonda malo opanda mpweya. Ku Vancouver, m'dziko la Canada, mu 1985, anthu 36 anadwala chifukwa cha adyo wodulidwa amene anasungidwa m'mafuta. Choncho kambuzi wamuwisi ndi adyo wamuwisi, omizidwa m'mafuta okhaokha n'kusiyidwa pawindo kwa milungu, ayi ndithu. Okonda tsabola wamafuta gwiritsani ntchito piripiri wouma gwa, mumusinje, muthirepo mafuta otentha. Mulibe madzi mmenemo, ndipo amakhalitsa. Koma muumitseni pathandala kapena palichero, osati padothi, chifukwa chuku chomwe chija chimagwira mtedza chimagwiranso tsabola. Tikudziwa kuti mafuta anakwera mtengo, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komabe mafuta akuda otsala m'chiwaya asalowe m'botolo. Kuli bwino tsabola wopanda mafuta kusiyana ndi wa mafuta opserera.

Nanga adyo ndi jinja? Ine ndimawalola, koma pang'ono, ndipo awire limodzi ndi viniga. Akachuluka amaphimba fungo la kambuzi, ndipo munthu wataya chinthu chokhacho chimene tsabola wathu amaposera wa maiko ena.

Tsopano matimati. Ndinena mosapsatira: m'botolo losunga asalowemo. Matimati ndi madzi okhaokha ndi kashuga pang'ono. Kuwawasa kwake kumakhala pamalire penipeni, ndipo akapsa kwambiri kumachepa. Amasasa msanga, amachita thovu, amafufumitsa botolo. Anyezi wamuwisi chimodzimodzi. Palinso mbali ya chilungamo. Wogulitsa akadzaza botolo ndi matimati n'kuponyamo tsabola pang'ono, wogula amalipira mtengo wa kambuzi n'kulandira supu. Matimati ali ndi malo ake aulemu, ndipo malo akewo ndi m'mbale ya lero.

Shuga, kambiri n'kosafunika. Kapang'ono kamafewetsa ukali wa viniga, koma akachuluka tsabola amasanduka chakudya cha ana. Utoto wofiiritsa chakudya, ayi. Kambuzi ali ndi mtundu wake wokongola kale. Mu 2005 dziko la Britain linachotsa m'masitolo zakudya za mitundu mazanamazana chifukwa ufa wa tsabola umene unalowamo unali ndi utoto woletsedwa wotchedwa Sudan I. Mukaona ufa wa tsabola wofiira modabwitsa pamsika, wosadziwika kochokera, usiyeni. Gulani tsabola wathunthu mukasinje nokha.

Kapangidwe kake sikovuta. Sankhani kambuzi wolimba, wopanda mabala. Mutsukeni ndi madzi aukhondo, mumuyale palichero mpaka madzi onse atauma, muchotse timapesi. Valani jumbo m'manja, chifukwa kambuzi amatsalira m'zala ngakhale mutasamba ndi sopo, ndipo mudzamukumbukira pogwira m'maso kapena ponyamula mwana. Sinjani ndi mchere m'kamtondo kake kapadera, osati kamene mumasinjiramo nsinjiro za phala. Nkhope ikhale kumbali, ana akasewere kutali. Akasalala, muikeni m'poto, thirani viniga mpaka amire, muwiritse kwa mphindi 10. Mbaula ikhale panja, poti nthunzi yake imatsokomoletsa nyumba yonse. Botolo likhale lagalasi, lowiritsidwa pamodzi ndi chivindikiro chake. Thirani akadali wotentha, viniga ayandame pamwamba, tsekani, lembani tsiku. Tibotolo ting'onoting'ono ndi tabwino kuposa chibotolo chimodzi chotsegulidwa mwezi wonse. Potapa, supuni ikhale youma ndi yoyera, osati imene yachoka mumphika wa nyemba. Mukaona chivindikiro chatukumuka, thovu likukwera kapena chuku pamwamba, musalawe, tayani.

A chiwaya, mawu awiri kwa inu. Botolo likafika pakati musalidzaze ndi madzi a m'chigubu. Mulitsuke tsiku lililonse, ndipo tsabola watsopano asathiridwe pamwamba pa wadzulo. Pali anthu amene amakhulupirira kuti tsabola amapha tizilombo tonse m'mimba. Tisanamizane. Kolera imene inabuka mu Marichi 2022 n'kupitirira mu 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, moti sukulu za mumzinda uno ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Choteteza ndi madzi aukhondo ndi manja osamba.

Ena amamuopa tsabola kuti amabweretsa zilonda za m'mimba. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anasonyeza kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Tsabola sayambitsa zilondazo, koma amene ali nazo kale angamve kupweteka akamudya. Wotero apite kuchipatala akalandire mankhwala, ndipo tsabola amupumire kaye.

Luso limeneli ndi chuma, omvera. Tsabola wa Nali, amene Amalawi a ku Johannesburg ndi ku London amaitanitsa kwa aliyense wochokera kumudzi, anayamba m'zaka za m'ma 1970 ndi Mmalawi mnzathu, Alford Nalilo Khoromana, ndipo pabotolo lake pamakhala chenjezo la m'Chichewa lakuti abale samalani. Alimi a ku Mulanje ndi madera ozungulira, kudzera m'bungwe la Zikometso limene lili pansi pa NASFAM, akhala akugulitsa piripiri kunja kwa dziko. Malo odyera a Nando's, amene anayamba ku Johannesburg mu 1987, amagula piripiri kwa alimi a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Dziko lapansi likumufuna tsabola wathu. Amayi a ku Kauma amene mumanyamula mabotolo m'chikwama kukagulitsa m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill, inu muli pamzere womwewo. Chimene chimabweza kasitomala ndi botolo lofanana lero ndi mawa, losachita thovu, lolembedwa zimene zilimo ndi tsiku lopangira. Mutu umodzi susenza denga: gwirizanani m'magulu, gulani kambuzi ndi viniga pamodzi pamtengo wopikula, ndipo malonda akakula kafunseni ku Malawi Bureau of Standards zoyenera kuchita kuti katundu wanu alowe m'masitolo.

Ndiye mkangano wa ku Kauma tiuweruze chonchi. Wa matimati ndi anyezi akhoza, ngati tsabola wake akutha lero. Wa adyo ndi jinja akhoza, ngati aika pang'ono n'kuwiritsa. Wa mafuta akhoza, ngati tsabola wake ndi wouma. Koma aliyense amene akufuna botolo la tsabola wosauma lokhala masiku m'nyumba yopanda firiji asachoke pa zitatu: tsabola wabwino, mchere wokwanira, ndi chowawasa chomiza zonse. Zina zonse kambiranani momasuka ndi anansi, ndi apongozi, ndi makasitomala, chifukwa pakamwa pa anthu sipafanana. Koma zitatuzi phunzitsani ana anu, ndipo mukagula botolo kwa munthu mufunseni mwaulemu kuti, "Amayi, mwaikamo chiyani, ndipo mwapanga liti?" Wopanga wodziwa ntchito yake adzakuyankhani mokondwa.